Imfa ya Kaputeni Maguire ndi mafunso amene linga la Fort Lister limadzutsa

Pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi, m'boma la Phalombe, pali mpata umene anthu akhala akudutsamo kuyambira makedzana. Lero mumadutsa akabaza, amayi osenza nkhuni, ndi alendo otsika ku Sombani miyendo ili lendelende chifukwa chokwera phiri. Zaka zoposa 130 zapitazo munkadutsa milongo ya amalonda olunjika ku Quelimane, kugombe la nyanja ya mchere, atasenza minyanga ya njovu, ena akukusa anthu omangidwa m'magoli. Pobwerera ankanyamula nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Pofuna kutseka njira imeneyi, Angerezi anamangapo linga mu 1893 n'kulitcha Fort Lister, dzina la Sir Villiers Lister, mkulu wina wa ku ofesi yoona nkhani zakunja ku London.

Chotsala pamalopo lero n'chochepa: makoma ogumuka, thengo, ndi manda a mzungu wotchedwa Gilbert Stevenson. Munthu akafika pa linga la asilikali n'kupeza manda a mzungu, maganizo amathamangira kuti apa pagona mkulu wa asilikali amene anaphedwa polimbana ndi ogula akapolo. Nkhaniyo ikanakoma ikanakhala choncho. Koma Stevenson sanali msilikali. Anali wantchito wa boma la atsamunda, mmodzi mwa aja ankatolera msonkho ndi kuweruza milandu, ndipo anamwalira mu 1896, nkhondo za m'derali zitazirala. Chinamupha ndi chipolopolo ndithu, koma osati cha mdani. Zolemba zina zimati inali ngozi ya mfuti, zina zimati anadziwombera yekha. Chimene chimakokera alendo kumandako n'chakuti malemuwa anali wachibale wa Robert Louis Stevenson, mlembi wa buku lotchuka la Treasure Island, amene naye anali atamwalira ku Samoa mu 1894.

Nanga pa nkhondo zimene zinabala linga limeneli, panafa mkulu wa asilikali wa Angerezi? Analipo. Dzina lake ndi Kaputeni Cecil Maguire. Anafera kutali, kunyanja m'boma la Mangochi, koma nkhondo yake yoyamba m'dziko muno anaimenyera m'munsi mwa phiri lomweli la Mulanje, ndipo linga la Fort Lister linamangidwa ndi amene anadzalowa m'malo mwake. Wofuna kudziwa mmene Maguire anafera amayenda ulendo wa mapepala wochoka ku Zomba, kudzera ku Blantyre, mpaka ku London, ndipo m'njiramo amaona yekha kuti mbiri imene tinaphunzira kusukulu inalembedwa ndi yani.

Mu Meyi 1891 boma la Britain linalengeza kuti dera lozungulira nyanja ndi mtsinje wa Shire lili pansi pa chitetezo chake. Harry Johnston ndiye anatumizidwa kudzalamula. Ndalama anali nazo zochepa, ndipo zambiri mwa izo, mapaundi 10,000 pachaka, zinkachokera ku kampani ya Cecil Rhodes. Asilikali analibe. Anakawapempha ku India, ndipo amene anawasonkhanitsa anali Maguire, msilikali wa gulu la apakavalo la Hyderabad. Uyu anali mbale wake wa Rochfort Maguire, mnzake wapamtima wa Rhodes, mmodzi mwa azungu atatu amene mu 1888 anasainitsa Lobengula, mfumu ya Amandebele, chikalata chopereka migodi ya dziko lake. Ubale umenewu tiusunge, udzabweranso.

Maguire anafika ndi Amwenye pafupifupi 70: ena 40 a chipembedzo cha Sikh, ena 30 Asilamu apakavalo. Akavalowo sanakhalitse, matenda a kuno anawatha, ndipo eniake anasanduka oyenda pansi ngati anzawo. Kuwonjezera apo panali anthu olembedwa ntchito kuchokera ku Zanzibar ndi Amakua a ku Mozambique. Limeneli ndilo linali gulu lonse lankhondo la boma latsopanolo.

Asanapume n'komwe, mu Julayi 1891, Maguire anatumizidwa ku Mulanje kukathana ndi Chikumbu, mfumu ya Chiyao imene inkakangana ndi azungu olima khofi m'munsi mwa phiri. Chikumbu anagonja n'kuthawa. Kuchoka apo zinthu zinathamanga. Mu Okutobala Johnston ndi Maguire anali kwa Mponda, kumene anamanga linga la Fort Johnston pafupi ndi pamene Shire amatulukira m'nyanja. Kenako anaoloka kukawotcha mudzi waukulu wa Makanjira kugombe la kum'mawa. Mu Novembala Maguire anakwera phiri la Chikala kukamenyana ndi Kawinga, ndipo anabwerako atavulala. M'miyezi isanu yokha munthuyu anali atamenyana ndi mafumu akuluakulu angapo a Chiyao, ali ndi asilikali ochepa kwambiri. Ena amati kumeneko n'kulimba mtima. Tikhozanso kunena kuti kupambana msangamsanga kunamuzoloweza kupeputsa adani ake.

Makanjira sanali mfumu yoti n'kuipeputsa. Anali ndi mfuti zambiri, zombo zamatanga zowolotsa akapolo ndi minyanga kuchokera kutsidya la kumadzulo, ndiponso njira yake yolunjika kugombe la nyanja ya mchere. Mu 1888 anthu ake anagwira John Buchanan, amene ankaimira boma la Britain, pamodzi ndi wansembe W. P. Johnson wa mishoni ya Anglican, n'kuwachititsa manyazi pagulu. Angerezi sanaiwale.

Tsiku la ku Kisungule

Mu Disembala 1891 Maguire anamva kwa Kazembe, mfumu ya ku Rifu kugombe la kumadzulo, kuti zombo ziwiri za Makanjira zabisidwa pa dooko la Kisungule, chakumpoto kwa mudzi umene unawotchedwa uja. Anakwera sitima ya Domira, ya kampani ya African Lakes imene ambiri timaidziwa ndi dzina loti Mandala, pamodzi ndi asilikali pafupifupi 30. Pa 15 Disembala anatsika kumtunda n'kuyamba kuphwanya zombozo.

Apa zinthu zitatu zinasokonekera nthawi imodzi. Khamu la asilikali a Makanjira linatulukira, lochuluka kuposa mmene Maguire ankaganizira. Mphepo inawuka panyanja, ndipo bwato limene linatsitsa asilikali aja linamenyetsedwa m'miyala n'kuphwasuka. Domira, poyesa kusendera kufupi kuti iwatole, inatitimira mumchenga n'kukanirira pamenepo, mfuti za kumtunda zikuifikira bwinobwino. Asilikaliwo analibe kuchitira mwina koma kulowa m'madzi, kuyenda mpaka pamene madzi afika m'khosi, kenako kusambira. Maguire anatsalira kumbuyo kuti anthu ake atsogole. Atatsala pang'ono kukwera m'sitima, chipolopolo chinamupeza, namira. Asilikali ake angapo anaferanso pomwepo.

Nkhani sinathere apo. Sitimayo inakhala yotitimira masiku angapo. Anthu a Makanjira anatumiza uthenga woti akufuna mtendere ndipo ali okonzeka kupereka mtembo wa kaputeniyo ngati ena atatsika kudzakambirana. Dokotala wa gululo, Mmwenye wa mtundu wa Parsi dzina lake Boyce, anatsika pamodzi ndi MacEwan, mkulu wa mainjiniya a sitimayo. Onse awiri anaphedwa. Mwa amene anadzatulutsa Domira mumchenga munali injiniya wachiwiri, Urquhart, mothandizana ndi Amwenye otsala aja.

Umo ndi mmene mabuku amafotokozera, ndipo wowerenga mothamanga amatseka buku pamenepa. Wofufuza amayamba ndi funso limene mfumu iliyonse imafunsa pabwalo: anaona ndi maso ndani?

Gwero la pafupifupi zonse zimene zalembedwa pa imfayi ndi Harry Johnston, m'makalata ake opita ku London komanso m'buku lake la British Central Africa la mu 1897. Koma Johnston ku Kisungule kunalibe. Anamva kwa opulumuka, anthu amene anaonera zonse ali m'sitima yotitimira, zipolopolo zikuwomba zitsulo, mafunde akugavira. Ndiponso Johnston anali ndi mbali yake pamlanduwo. Anali atataya mkulu wa asilikali ake m'chaka choyamba cha ulamuliro wake, ndipo ankafunika kufotokozera akuluakulu a ku London chifukwa chake asilikali 30 anakaputa mfumu yamphamvu chotere. Ankafunanso ndalama zina ndi asilikali ena. Nkhani ya ngwazi yophedwa ndi ogulitsa akapolo achinyengo inamuthandiza pa zonsezi. Apa m'pamene ubale uja ukubwerera: Rhodes anapereka mapaundi ena 10,000 apadera oti athere pa kugonjetsa Makanjira, amene anapha mbale wa mnzake.

Izi sizikutanthauza kuti Johnston ananama. Zikutanthauza kuti mboni yaikulu pa mlanduwu ndi munthu amene sanaone, ndipo anali ndi chopindula pa mmene nkhaniyo imvekere. Makanjira ankagulitsadi anthu, ndipo palibe chifukwa chomuyeretsera. Koma boma la Johnston silinkangolimbana ndi ukapolo. Linkafunanso kuti malonda a minyanga ndi onga adzere m'manja mwake, kuti mafumu avomere mbendera yake, ndi kuti anthu ayambe kukhoma msonkho. Ngakhale amishoni a ku Blantyre, motsogozedwa ndi David Clement Scott, ankadzudzula nkhondo zina za Johnston m'nyuzipepala yawo ya Life and Work. Wofufuza akaika nyuzipepala imeneyo pambali pa makalata a boma, amamva mawu awiri osiyana a azungu okhaokha, mawu a Ayao asanalowepo n'komwe.

Mapepala amene anapsa, ndi amene anapulumuka

Mmalawi wofuna kufufuza zimenezi amayamba wapita ku Zomba, ku nyumba yosungira zolemba zakale za boma, National Archives of Malawi. Kumeneko amakumana ndi khoma. Mu Febuluwale 1919 moto unanyeketsa maofesi akuluakulu a boma ku Zomba, ndipo mafayilo ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda anapsera momwemo. Makalata a tsiku ndi tsiku ochokera ku malinga ngati Fort Lister, amene akanatiuza kuti ndani anagwidwa, ndani anamasulidwa m'goli, mudzi uti unawotchedwa, ambiri anasanduka phulusa.

Chimene chinapulumutsa mbiriyi ndi chizolowezi cha atsamunda chotumiza malipoti kwawo. Makalata a Johnston ali ku National Archives ya Britain ku Kew, mumzinda wa London, m'magulu a mafayilo otchedwa FO 84, okhudza malonda a akapolo, ndi FO 2, okhudza Africa. Ambiri ndi olembedwa pamanja, ndipo kuwawerenga kumafuna kudekha kwa uja wofuna kuona maso a nkhono. Poti Maguire anali wa gulu lankhondo la ku India, mbiri ya ntchito yake imafufuzidwa m'zolemba za India Office zimene zili ku British Library. Choncho nkhondo inamenyedwa ku Mulanje ndi ku Mangochi, koma umboni wake wolembedwa umafuna chitupa choyendera, chilolezo cholowera m'dziko la eni, ndi tikiti ya ndege.

Si zonse zimene zili kunja. Ku Mandala House mumzinda wa Blantyre, nyumba yomangidwa mu 1882 ndi kampani yomwe ija inali mwini wa Domira, kuli laibulale ya Society of Malawi, yosunga mabuku akale, mapu ndi zithunzi. Magazini ya bungweli, imene inayamba mu 1948 ndi dzina loti Nyasaland Journal, yakhala ikusindikiza nkhani za malinga ndi nkhondo za nthawi imeneyo. Pali nyuzipepala ya boma ya British Central Africa Gazette, ngakhale inayamba mu 1894, Maguire atafa kale. Pali mabuku a akatswiri: la A. J. Hanna la mu 1956 lofotokoza chiyambi cha Nyasaland, la H. Moyse-Bartlett la chaka chomwecho lonena za gulu la King's African Rifles, ndi la Roland Oliver la mu 1957 lonena za moyo wa Johnston. Onsewa anamwa pa chitsime chimodzi, makalata a ku London aja. Mabuku atatu akanena chinthu chofanana sindiye kuti mboni zakwana zitatu.

Buku limene limayankhula kuchokera mbali inayo ndi Chiikala cha Wayao, lolembedwa ndi wansembe wa Chiyao Yohanna Abdallah n'kusindikizidwa mu 1919. Mmenemo mafumu ngati Makanjira ndi Mataka amaoneka ngati eni dziko okhala ndi mibadwo yawo, mikangano yawo ndi malonda awo, osati mayina chabe a adani pa lipoti la msilikali.

Palinso misampha ya mayina. M'nkhani imodzi yomweyi muli Harry Johnston bwanamkubwa, W. P. Johnson wansembe, ndi Kaputeni C. E. Johnson msilikali. Wokopera mosasamala amawasakaniza. Mayina a mafumu nawo azungu ankalemba mmene khutu lawo lamvera: Jalasi amapezeka ngati Zarafi, ndipo wofufuza pa kompyuta akalemba dzina mmene timalitchulira ife, makinawo amamuyankha kuti palibe.

Kubwerera ku mpata wa Michesi

Imfa ya Maguire inagwedeza boma la Johnston. Mu Febuluwale 1892 gulu lina linapita kukaputa Jalasi kumapiri a Mangochi n'kubwerako litagonja, litasiya ngakhale mzinga wake m'manja mwa adani. Kwa kanthawi zinkaoneka ngati boma latsopanolo likhoza kugwa. Kenako kunabwera asilikali ena a Sikh kuchokera ku India, pamodzi ndi Kaputeni Johnson, Lefutenanti C. A. Edwards ndi Lefutenanti W. H. Manning, amene patsogolo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Atonga a ku Nkhata Bay nawo anayamba kulembedwa usilikali. Ndi mphamvu zimenezi Johnston anamanga malinga awiri otchinga phiri la Mulanje mbali zonse: Fort Anderson kumwera ndi Fort Lister kumpoto.

Woyang'anira Fort Lister woyamba anali Kaputeni Johnson, ndipo anatsala pang'ono kukhala mkulu wa asilikali wachiwiri kuphedwa. Mu 1893 munthu wina anayesa kumupha pa linga pomwepo, koma anapulumuka. Angerezi analoza chala mfumu ya m'derali imene m'zolemba zawo amaitcha Nyaserera, ndipo anatumiza asilikali kukaithira nkhondo. Posakhalitsa Mkanda naye anaukira, mishoni ya Church of Scotland ya paphiri la Mulanje inathiridwa nkhondo, ndipo kumenyana kunapitirira mpaka Okutobala. Aliyense wodziwa Phalombe ndi Mulanje akamva mayinawa khutu limaima, pakuti Nyezerera, Mkanda ndi Chikumbu ndi mayina a maufumu amene alipo mpaka lero.

Mu Novembala 1893 asilikali anabwereranso kwa Makanjira ndi ndalama za Rhodes zija, ndipo pagombe limenelo anamangapo linga n'kulitcha Fort Maguire. Makanjira analiukira mu Januwale 1894 koma analephera kulilanda. Chaka cha 1895 ndicho chinatsiriza zambiri: Kawinga, Matipwiri wa kuseri kwa Mulanje, Jalasi, Mponda ndi Makanjira anagonjetsedwa mmodzimmodzi, ndipo mu Disembala Mlozi ananyongedwa ku Karonga. Saidi Mwazungu, amene Angerezi ankamuimba mlandu wopha Boyce ndi MacEwan, anagwidwa n'kunyongedwa. Edwards, amene anatsogolera zambiri mwa nkhondo zimenezi, zipolopolo zinamuphonya koma malungo a mkodzo wakuda anamupha mu 1897. Fort Lister inagwira ntchito zaka pafupifupi khumi basi, kenako inasiyidwa.

Pali kanthu kamodzi kakang'ono kamene kamasunga nkhondo zonsezi pamodzi: mendulo yasiliva yotchedwa Central Africa Medal. Kansalu kake kali ndi mizere itatu, wakuda, woyera ndi wofiirira, kuimira asilikali Achiafirika, Azungu ndi Amwenye. Mndandanda wa nkhondo zoyenereza munthu kulandira menduloyi umayamba ndi ya kwa Chikumbu ya Julayi ndi Ogasiti 1891, ndipo mulinso ya Nyaserera ndi Mkanda ya Ogasiti mpaka Okutobala 1893. Kaundula wa olandira mamendulo a nkhondo zotere amasungidwa ku Kew m'gulu la WO 100. Kwa wofufuza, kaundula wotere ndi wamtengo wapatali kuposa nkhani zokoma za m'mabuku, chifukwa ndi malo amodzi mwa ochepa kumene msilikali wamba amatchulidwa ndi dzina lake. M'nkhani zambiri za ku Kisungule, Maguire, Boyce, MacEwan ndi Urquhart ali ndi mayina. Amwenye amene anafa naye ndi chiwerengero chabe. Ayao amene anagwa kumtunda, ndi akapolo amene zombo zija zinkawolotsa, alibe ngakhale chiwerengero chodalirika.

Maguire akanafa zaka 23 pambuyo pake, ntchito ya wofufuza ikanapepuka. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission limasamala manda ndi mayina a ofera pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, kuyambira pa 4 Ogasiti 1914. Mwachitsanzo, Lefutenanti J. L. Caldecott, amene anali wothandizira bwanamkubwa wa Nyasaland ndipo anaphedwa pa nkhondo ya ku Karonga pa 9 Sepitembala 1914, dzina lake munthu akhoza kulipeza pa intaneti ali pa Migowi ndi foni yam'manja. Nkhondo za m'ma 1890 sizili m'kaundula ameneyo. Ndipo ngakhale mmenemo, tsankho linalowa. Mu 2021 bungweli linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo Aafirika, amene anafa potumikira Britain pa nkhondo yoyamba, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Ambiri mwa iwo anali amtengatenga, ngati aja ankagwidwa m'midzi ya kuno kukasenza katundu wa asilikali pa nkhondo imene makolo athu ankaitcha ya Chiwaya.

Anthu a ku Phalombe safunika kuuzidwa za manda opanda dzina. John Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale 1915 chakumpoto kwa phiri la Mulanje akuthawira kumalire, ndipo boma linamuika m'manda opanda chizindikiro. Munthu amene nkhope yake ili pa ndalama zathu alibe mwala pamanda, pamene wotolera msonkho wa mu 1896 ali nawo.

Mbali ya mbiri imene sinapite ku London

Kodi mbali inayo ya nkhaniyi ingapezekenso? Njira ilipo, ndipo inayesedwa kale. M'zaka za m'ma 1970 Melvin Page, mothandizidwa ndi ophunzira a ku Chancellor College, anayenda m'midzi kufunsa nkhalamba zimene zinaona nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo zotsatira zake ndi buku la The Chiwaya War la mu 2000. Anafika pa nthawi yake, eni nkhani akadali moyo. Za 1891 ndi 1893 palibenso amene anaona ndi maso, koma mbiri ya ufumu siifa ndi munthu mmodzi. Imasungidwa ndi mbumba, imanenedwa polonga mfumu, imatuluka pa milandu ya malire a minda.

Ku Phalombe ntchitoyi ili ndi vuto lake. Mabanja ambiri a m'bomali ndi Alhomwe amene makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique mwaunyinji kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 kupita m'tsogolo, pothawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Ambiri anafika linga litamangidwa kale, ena litasiyidwa. Agogo awo ali ndi nkhani zambiri za ulendo wowoloka, za thangata m'minda ya azungu, za msonkho, koma za nkhondo ya Nyaserera wofufuza ayenera kugogoda makamaka pa makomo a maufumu a Ayao ndi Amang'anja amene analipo kale. Ndipo polowa pamenepo pamafunika ulemu. Sufika pakhomo pa mfumu n'kuyamba ndi funso loti, kodi agogo anu ankagulitsa anthu? M'midzi yomweyi muli zidzukulu za ogulitsa, za ogulitsidwa, ndi za amene analembedwa usilikali kukawotcha midzi ya anzawo, ndipo ambiri anakwatirana kalekale. Nkhani zina zimanenedwa pa ulendo wachitatu, osati woyamba.

Zonena za pakamwa nazo zimafunika kupetedwa ngati za Johnston. Banja lililonse limakometsa kholo lake. Nthawi zina nkhalamba imakuuza zimene mdzukulu wake anawerenga m'buku la sukulu, ndiye iwe n'kumati wapeza umboni watsopano pamene wangokumananso ndi Johnston atavala chovala china. Koma zikagwirizana ndi malo enieni, phanga limene anthu anabisalamo, chitsime chimene milongo ya akapolo inkapumirapo, dzina la mudzi umene unasamuka, zimadzaza mipata imene moto wa 1919 unasiya.

Nthawi siili kumbali yathu. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula mapiri a m'dera lino, nakokolola midzi ndi misewu cha ku Nkhulambe, kufupi ndi mpata womwewu. Mabanja anasamuka, okalamba ena anapita ndi zimene ankadziwa. Fort Lister ndi chimodzi mwa zipilala zotetezedwa ndi boma, ndipo ili pa mndandanda wa njira za akapolo umene Malawi anapereka ku UNESCO mu 2011 kuti uganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse. Kukhala pa mndandanda sikuletsa khoma kugwa, ndipo sikujambula mawu a nkhalamba.

Chigamulo pa imfa ya Maguire n'chosavuta kupereka. Tsiku, malo ndi mmene anafera n'zodziwika, ndipo palibe chifukwa chozikayikira. Anafa chifukwa anapita ndi anthu ochepa kwa mdani wamphamvu, nyengo ya mphepo, pa dooko la mchenga ndi miyala. Chimene chikadali chosalembedwa ndi mbali ya anthu a kuno, ndipo imeneyo siidikira katswiri wochokera ku London. Aphunzitsi a mbiri m'sukulu za sekondale za ku Phalombe, ophunzira a ku University of Malawi ochokera m'bomali, ndi a nthambi ya boma yoona zipilala ndi zinthu zakale akhoza kuyamba chilimwe chino. Pemphani chilolezo kwa mafumu, khalani pansi ndi achikulire a kwa Nyezerera, kwa Mkanda ndi kwa Chikumbu, jambulani mawu awo pa foni, lembani dzina la wonena, mudzi ndi tsiku, ndipo kope limodzi mukalisiye ku National Archives ku Zomba.